Ndewu za Eni Ake

9 Febuluwale

Okondedwa Aphunzitsi,

Choyamba ndifunse za moyo. Inu, Kachiwala wathu ndi amayi anu, muli bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chandikakamira kuposa mmene anthu ena amandikakamirira.

Kalata yanu adalaivala a basi andipatsa Loweruka. Ndati kalata? Pepani, lilime laterereka. Andipatsa mizere naini. Ndinatembenuza pepala, ndinakutumula envelopu kuti mwina mawu ena atsakamira pakona, koma ayi. Inu bambo, amene mumatha choko chathunthu kufotokozera ana a eni za x ndi y, mkazi wanu wa mphete mwamugawira mizere naini, ndipo itatu mwa iyo ndi ya denga lodontha. Denga lili ndi mwayi. Kapena nanenso ndiyambe kudontha?

Musanene kuti paja timayankhulana pa foni. Pa foni amayi amakhala pampando wapafupi akusoka nsalu imene siithanso kusokedwa, ndipo inu mumandiyankha ngati mukuyankha ahedi. N'chifukwa chake ndimalemba.

Munandifunsa kalekale kuti kupatula sukulu ndimatani kuno. Imvani, museke. Ndili pa ganyu kwa Apulofesa ena ofufuza za maukwati. Kuntchito kwawo, m'mwamba, muli chipinda cha mipando iwiri, duwa lapulasitiki ndi makamera. Mabanja amabwera okha, osakakamizidwa. Amawapana chala ndi kachipangizo koyeza kugunda kwa mtima, n'kuwauza kuti, "Sankhani nkhani imene simugwirizana, mukangane kwa mphindi khumi ndi zisanu." Tangoganizani! Anthu kusamba, kudzola, kukwera basi, kudzakangana pa nthawi yoikika ngati akudzazulitsa dzino.

Ife tilipo anayi m'chipinda chapansi chopanda zenera. Timavala mahedifoni n'kumaonera matepi a ndewuzo, ndipo masekondi khumi alionse timalemba nambala pa fomu. Wani ndi kudandaula. Thu ndi kunyoza, monga kutsonya kapena kupinda mlomo. Fili ndi kudzitchinjiriza, zija za "nanga iweyo?" Folo ndi khoma, munthu kungoti zii, maso pansi, ngati mnzakeyo ndi wailesi ya aneba. Faifi ndi kutambasula dzanja, kupepesa kaya kugwira bondo la mnzako. Sikisi ndi nthabwala yoseketsa nonse awiri. Seveni ndi nthabwala yothawirapo, yoti nkhani ikafika pachilonda munthu aponye kanthabwala n'kudutsa. Zaka zinayi ku yunivesite, ndi gauni ija munandijambula nayo, kuti ndidzakhale kalaliki wa ndewu za eni ake! Azakhali anga amagwira ntchito yomweyi mwaulere, atatsamira mpanda.

Za denga, itanani mmisiri wamkulu uja, osati alamu anu, chifukwa iwo amakhoma misomali ndi pakamwa. Amayi asamadumphitse mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kachiwala asamagone ndi nsapato zatsopano zija, alire asalire.

Kanthu kamodzi. Chichokereni ine, zaka zitatu ndi miyezi isanu tsopano, kalata yanu iliyonse inkathera ndi funso lakuti, "Ubwera liti?" Linkandinyansa. M'mizere naini iyi mulibe. Sindikudandaula ayi. Ndangoona.

Ndine mkazi wanu, amene akadali moyo,
Mayi a Kachiwala

16 Malichi

Aphunzitsi anga,

Moni nonse kumeneko. Kuno ndili bwino, chimfine chinandisiya, nachonso chinatopa nane. Ndamva kuti dzino la Kachiwala lachoka, ndipo nkhani yaikulu chonchi mwaiika mu mzere umodzi. Linagwedera masiku angati? Analira? Analimeza? Mizere ya ulendo uno ndi eyiti. Mukamatsika chonchi, pofika Juni mudzanditumizira siginecha yokha.

Ndikuuzeni za banja nambala 41. Ndi nkhalamba ziwiri, bambo wadazi ndi mayi wa magalasi okhuthala. Nkhani yawo ndi zenera la kuchipinda. Bambo amafuna lizikhala lotsegula, mayi lotseka, ndipo akhala akulimbana zaka makumi atatu. Mayi akuti, "Ndikadzafa ndi chibayo, udzanene pamaliro kuti unkafuna kamphepo." Bambo akuti, "Iwe sungafe, imfa imakuopa." Mayi n'kumumenya ndi chikwama pabondo, onse kuseka mpaka kachipangizo kuvuka pachala. Fomu yanga inadzaza wani, wani, fili, sikisi, faifi. Pa mafunso oti ukwati wawo akukhutira nawo bwanji, onse awiri anachonga pamwamba penipeni.

Tsono nambala 58. Achinyamata, otchena, onunkhira ndithu ngakhale tepi ilibe fungo. Mkazi akuti akufuna asamukire pafupi ndi ntchito yake. Mwamuna akuti, "Mmene waonera, wokondedwa." Basi. Mphindi khumi ndi zinayi zotsalazo bamboyo akungoyang'ana duwa lapulasitiki. Ine folo, folo, folo, mpaka pensulo kubuntha.

Tepi iliyonse timaichonga awiri, aliyense payekha, kenako timayerekeza manambala. Mnzanga ndi wa desiki yoyandikana nane. Timamutcha Sisitere chifukwa sanakwatiwepo, ndipo akuti matepiwa amutsimikizira kuti anachita bwino. Nthawi zambiri timalimbana. Munthu akausa moyo, iye amati ndi thu, ine ndimati ndi wani, mpaka kutsala pang'ono kupemphana mipando ya m'mwamba ija. Koma pa 58 tinafanana nambala iliyonse. Sisitere anati, "Komatu awa ndiye banja laulemu." Apulofesa anali atatsikira kwathu ndi kapu yawo ya khofi, ndipo anati, "Ine ndimaopa aulemuwo. Okangana amakhala akuyembekezabe kuti mnzawo amva." Iwowo maukwati awo anatha awiri, ndiye tiziwamvera mochenjera, koma mawuwo ndinayenda nawo tsiku lonse.

Masiku ano ndimatsika basi kutatsala masiteji awiri, n'kuyenda wapansi kudzera kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Pa siteji yaikulu pamaima anthu a yunifolomu ofunsa mapepala, ndipo mzere wake umachedwetsa. Komanso kuyenda n'kwabwino, madokotala amatero. Mudzandipeza ndili ndi miyendo ya wosewera mpira.

Chipinda chimene ndikukhala ndi mnzanga wina, namwino, chili ndi zenera, koma ukalitsegula dzanja limagunda khoma la nyumba inayo. Ndiye ife tilibe chokanganira. Mazira akwera mtengo moti nkhuku za kuno ziyenera kuti zikuyenda monyada.

Sukulu ikuyenda. Pepala lomaliza lili ngati denga lanu, chaka ndi chaka latsala pang'ono.

Aphunzitsi, kodi ife tinakangana liti komaliza? Ndayesa kukumbukira. Ikungondibwerera ya nsimbi ija munabwereketsa achemwali anu osandiuza, Kachiwala akadali kumsana. Ngati ilipo ina mundikumbutse.

Wanu woyenda wapansi,
Mayi a Kachiwala

20 Epulo

Bambo a Kachiwala,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine sindili bwino. Ndakwiya, ndipo mudziwe kuti ndakwiya mwadongosolo.

Ndinakufunsani za nsimbi. Mwayankha kuti, "Unkanena zoona. Pepa." Pepa! Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo munaima pakhomo la kukhitchini, mitsempha itatupa m'khosi, mukunena kuti mlongo wanu si mlendo ndipo nsimbi si impso. Ndinakugendani ndi sipuni. Munaitola, munaiika m'thumba la malaya, munapita nayo kusukulu n'kukaitulutsa m'kalasi poyesa cholembera. Tinaseka sabata yathunthu. Munthu ameneyo mwamuika kuti? Amene akundilemberayu ndi kalaliki wa kubanki.

Chabwino, ndikupatsani zina, musankhepo. Mumasiya thawulo lonyowa pabedi. Mumayankha funso ndi funso. Pa chithunzi cha ukwati wathu mukuyang'ana wotchi. Amayi anu amathira mchere asanalawe chimene ndaphika. Tengani imodzi, mundiyankhe ngati munthu wokhala ndi magazi. Mundikalipire pang'ono, sindikakusumirani.

Matepi amene timaonera ndi a chaka chatha, ndipo mabanja amaitanidwanso pakatha chaka kuti aonedwe mmene zikuyendera. Sabata yatha inali ya 58. Anabwera mkazi yekha. Ndinakumana naye pa masitepe. Iye sandidziwa, koma ine ndimadziwa mmene amapotokolera mphete yake akafuna kulira. Mpheteyo panalibe. Anandifunsa kumene kuli chimbudzi, ndinamulozera, ndinatsika kukakhala pa desiki yanga. Sisitere anavula hedifoni imodzi, anati, "Iwe, wadwala?" Ndinati ndi mpweya wa m'chipinda muno. N'zoonanso, mpweya wake ndi womwe uja tinapuma chaka chatha.

A 41 nawo anabwera, tsiku lomwelo masana. Ndinawamva akadali pa geti, akulimbana zoti ndani waiwala ambulera. Anali ataigwira onse awiri.

Lamulungu pa foni ndinamva Kachiwala akufuula kuti, "Agogo, bwerani, amayi a m'foni aja!" Inunso munamva. Munangoti, "Netiweki ikuvuta." Siinkavuta. Mumuuze kuti amayi ake ali ndi miyendo, ndipo yakula ndi kuyenda.

Apulofesa akuti gawo lino la kafukufuku litha mu Ogasiti, ndipo ofuna kupitiriza nawo gawo lachiwiri apereke mapepala awo onse ku ofesi. Zanga ndikonza. Musade nkhawa, ngati munali ndi maganizo oda nkhawa.

Ndine wokwiya uja,
Mayi a Kachiwala

25 Meyi

Aphunzitsi,

Moni nonse, ine ndili bwino. Ndikulemba mothamanga, adalaivala aimika basi pakona ndipo hutala yawo ilibe ulemu.

M'chikwamamu muli juzi yanu yotuwa. Musaivale ndi buluku lotuwa lija, mudzaoneka ngati mtambo wa mvula. Muli mafuta opaka m'mawondo a amayi, azipaka m'mawa ndi madzulo, asamagawire mpingo wonse. Muli envelopu yakhaki ya Kachiwala, ndamuikiramo zithunzi za nyama zoti azipaka utoto, mapensulo ake ali m'thumba la juzi. Asapake khoma.

Yanu ya mwezi uno ndalandira. Mizere isanu yokha. Za thawulo mwati musintha. Zikomo kwambiri bwana, kampani yathu yakondwa ndi yankho lanu.

Mayi a Kachiwala

28 Meyi

Bambo a Kachiwala,

Ndikupemphera kuti kalata iyi ifike chikwama chisanatsegulidwe, ngakhale ndikudziwa kuti basi ija ili kale kutali ndipo iyi ikwera ya sabata yamawa.

Envelopu yakhaki ija musaitsegule. Ngati mwaitsegula kale, khalani pansi ndifotokoze.

Maenvelopu a kuntchito kwathu ndi ofanana onse. Lero ndatsegula imene inatsala patebulo, ndapeza njovu ndi agulugufe a Kachiwala akundiyang'ana. Ndiye kuti imene yapita kwanu ndi inayo. Muli makalata anu khumi ndi awiri omaliza, pamodzi ndi fomu ya kuntchito. Namwino wandipeza nditakhala pansi pa simenti, njovu ili m'manja. Akuti, "Wamwalira ndani?" Ndati, "Sindinadziwebe."

Inde, manambala a pensulo m'mbali mwa mizere yanu ndi anga. Inde, ambiri ndi folo. Pamene munalemba kuti, "Ulimbikire sukulu," ndinaika folo n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Pa tsamba lomaliza ndinawonkhetsa zonse, ndinajambula mzere wotsetsereka wosonyeza mmene makalata anu akufupikira, ndipo pansi pake ndinalemba 58. Mukudziwa kuti 58 ndi ndani, ndinakuuzani ndekha ndi kamwa langa lalikululi.

Ndikanatha kunena kuti ndi matenda a ntchito, monga telala amayeza anthu ndi maso ali m'tchalitchi. Ndikanatha kunena kuti ndinkayesa pensulo. Zoona zake n'zakuti ndinakhala Lamulungu lathunthu pabedi, makalata anu nditawayala ngati odwala m'chipatala, ndikufunafuna faifi mmodzi yekha. Ndinapeza awiri, ndipo mmodzi anali wokhudza denga.

Kwiyani. Simulakwa. Imbani foni amayi ali pomwepo, munene zonse, aneba amve. Chokhacho musachite ndi chija mumachita, chongoti zii.

Ndine wolakwa,
Mayi a Kachiwala

12 Julaye

Okondedwa bambo a Kachiwala,

Muli bwanji? Ndikufunsa zenizeni, chifukwa sindikudziwa. Adalaivala abwera katatu chimanjamanja. Ulendo wachitatu anandiuza okha ndisanafunse, "Alamu, palibe," n'kuyamba kuyang'ana matayala. Ndikaimba foni amayankha amayi, akuti mukuchonga mayeso. Kodi mayeso a dziko lonse mukuchonga nokha chaka chino?

Sabata yatha Apulofesa anatiitana m'mwamba kuti tione manambala athu ataikidwa pamodzi ndi mizere ya kugunda kwa mtima. Ife apansi mizere imeneyi sitiiona, timangoona nkhope. Anatsegula 58. Pamwamba manambala anga, folo, folo, folo, atandondozana bwino ngati ana anu pa mzere wa m'mawa. Pansi mtima wa bambo uja. Aphunzitsi, unkathamanga ngati wa munthu amene akupirikitsidwa ndi galu. Mphindi zonse zija akuyang'ana duwa lapulasitiki, nkhope ili phee, m'kati munali moto. Wa mkazi, amene ankayankhula, unali m'munsi mwa wake.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti ndinalakwitsa?" Apulofesa anati, "Ayi, folo ndi folo. Koma fomu yanu imangonena kuti munthu watseka chitseko. Siinena chimene akutsekereza kuseri kwake." Sisitere anati, "Mwina ankangofuna kukataya madzi." Ndinaseka mokweza kuposa onse.

Ine ndinalibe kachipangizo kopana chala chanu. Ndinali ndi pensulo yokha.

Mapepala aja akuwafuna pofika pa 14 Ogasiti. Mlembi wa Apulofesa wandikumbutsa kawiri, mwaulemu, ndipo kachiwiriko anayamba watseka chitseko. Namwino akusamuka mwezi wamawa, wapeza chipinda pafupi ndi chipatala chake, ndipo eni nyumba akuti wotsalayo asaine pangano latsopano, abweretse chiphaso. Anthu a kuno amakonda mapepala ngati mbuzi.

Ndimachoka m'chipinda, kudutsa kuseri kochapira magalimoto, kulowa m'chipinda chapansi, kubwerera. Ochapa magalimoto aja afika pondizolowera, amaimitsa paipi ndikamadutsa. Anthu amati mzinda uno ndi wokongola. Ine ndimadziwa misewu yake itatu.

Kwayamba kuzizira. Kachiwala azivala masokosi. Lembani, ngakhale mzere umodzi wa denga.

Mkazi wanu

9 Ogasiti

Amunanga,

Phukusi lanu lafika dzulo. M'thupi ndili bwino. Kalata iyi ndiyesa kuilemba popanda seveni, ndiye ikhala yosakoma, mupirire.

Ndinkayesa kuti mwandibwezera makalata anu aja. Ndapeza anga. Onse, kuyambira ija ndinalemba ndili m'basi pochoka, makalata makumi atatu ndi asanu ndi anayi, mwawachonga ndi inki yofiira. Masabata khumi onsewa mwakhala mukuchonga ine. Amayi sananame.

Simunaphonye ngakhale pamodzi. "Pepala lomaliza lili ngati denga lanu," seveni. "Miyendo ya wosewera mpira," seveni. "Amayi ake ali ndi miyendo," seveni, ndipo apo cholembera chinaboola pepala. Paliponse pamene ndinkayankha funso lanu lakuti ndibwera liti, mwazunguliza yankho langa, seveni, seveni, seveni. Fomu yathu mwaigwiritsa bwino kuposa Sisitere amene watha nayo zaka zitatu. Iyinso ndi seveni, ndaiona. Ndisiyeni ndipume.

Pansi pa mulu ndapeza kalata ya ku yunivesite. Ndinaiwala kuti pa fomu yolowera ndinalemba keyala ya kusukulu kwanu. Deti lake ndi la zaka ziwiri zapitazo. Ndiye kuti munaiwerengera mu ofesi ya aphunzitsi, munaipinda, munakaphunzitsa kalasi yotsatira, ndipo mwakhala nayo m'kabati nthawi yonseyi, ine ndikukuuzani za pepala lomaliza.

Mwalemba kuti: "Ndinkafunsa kuti ubwera liti pofuna kukutsegulira khomo loti unene. Ndinaona kuti ndikafunsa ndikukukakamiza kunama kachikena, ndiye ndinasiya. Mizere inachepa chifukwa chilichonse chimene ndinkafuna kulemba chinkakathera pa kalata ili m'kabatiyo. Ndakwiya, mayi a Kachiwala. Sindinakwiye kuti unalephera. Ana amalephera m'manja mwanga chaka chilichonse, amabwera, timakhala pa benchi n'kuyambiranso. Ndakwiya chifukwa unandiyesa munthu woti sangauzidwe."

Ndiye imvani kwa ine, ndi dzanja langa. Ndinalephera mayeso a masamu a kafukufuku, kawiri. Ine, mkazi wa mphunzitsi wa masamu. Thandizo la sukulu linatha, anandichotsa, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chinathera pomwepo. Ganyu ya Apulofesa ndinailowa ndi khadi lakale la sukulu, palibe amene anayang'ana deti. Ndimaopa yunifolomu iliyonse, ngakhale ya mlonda wa m'sitolo. Ndinkati ndipirire pang'ono, ndilembetsenso, ndibwere ndi gauni yachiwiri monga ndinalonjeza pa siteji abale onse akumva. Chaka chinatha. China chinatha. Ndikafuna kukuuzani, ndinkaona kuti ndiyenera kufotokozanso bodza la mwezi watha, ndi la mwezi winawo, ndiye ndinkalemba za mazira.

Ndikatuluka m'dziko muno adzandidinda chidindo choti ndisabwerenso kwa zaka zambiri, ndipo digiri ija ndiye yapita. Ndikakhala, Lachisanu ntchito itha, ndipo chipinda chitha kumapeto kwa mwezi. Ndikuopa zonse ziwiri. Koma chimene ndinkaopa kwambiri chinali nkhope yanu mukadzamva, ndipo nkhopeyo yakhala ikudziwa zaka ziwiri, ikundiuza kuti ndilimbikire sukulu.

Kumapeto mwalemba funso lija ndi inki yofiira, zilembo zikuluzikulu. Ndaliona. Ndipatseni sabata imodzi.

Mkazi wanu

18 Ogasiti

Aphunzitsi anga okwiya,

Moni kwa nonse. Ine ndili bwino.

Dzulo ndinapita ndekha ku ofesi ya anthu a yunifolomu aja, kudzera pa siteji yaikulu, osati kuseri. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wa pa kauntala anayang'ana pasipoti, anandiyang'ana ine, anati, "Zaka ziwiri zonsezi munali kuti?" Ndinati, "M'chipinda chapansi." Sanaseke, ndipo sindinafune kuti aseke. Andipatsa masiku khumi ndi anayi. Chidindo adinda, n'chachikulu, chatenga tsamba lonse.

Apulofesa ndinawauza Lachisanu. Anavula magalasi, maso pansi. Sindinawaike nambala. Sisitere wandipatsa pensulo yake, ndipo akuti ndidzakuuzeni kuti mwamusokonezera chikhulupiriro.

Yankho la funso lanu ndi ili: Loweruka, pa 29 Ogasiti, basi ya adalaivala omwe aja. Ndili ndi chikwama chimodzi ndi envelopu ya njovu ndi agulugufe. Gauni palibe. Amayi muwauze ndisanafike, kapena musawauze, ndidzanena ndekha. Kachiwala mumuuze kuti amayi a m'foni akutulukamo. Akapanda kundizindikira musamukankhire kwa ine, ndidikira.

Musandikhululukire ndisanafike. Mkwiyowo muusunge bwino, musagawireko amayi kapena ana asukulu, ndi wanga. Tikafika kunyumba mutseke chitseko, muike mipando iwiri, muyambe ndinu. Mphindi khumi ndi zisanu sizikwana. Mukatha inu, nanenso ndili nayo yanga, chifukwa kusunga kalata m'kabati zaka ziwiri osanena kanthu ndi folo, bambo, folo weniweni. Komanso nsimbi ija sinabwerebe.

Ndine mkazi wanu,
Mayi a Kachiwala